Malo alipo, koma kompyuta ikukana kusunga: chifukwa chiyani?

Tiyerekeze kuti pa sikelo ya ana ku Senga Bay kapena ku Chipoka, mayi aliyense amalandira khadi la nambala. Makhadi akatha, wobwera kumene sangalembedwe ngakhale pa benchi pali malo.

Makompyuta oyendera Linux, kuphatikizapo mafoni a Android, amachitanso chimodzimodzi. Fayilo iliyonse, kaya chithunzi kaya lipoti la katemera, imapatsidwa khadi lotchedwa inode. Khadili limasunga kukula kwa fayilo, mwini wake ndi pomwe yaikidwa.

Mu ndondomeko yosungira mafayilo yotchedwa ext4, chiwerengero cha makhadi chimakhazikitsidwa pokonza disiki, kawirikawiri khadi limodzi pa ma kilobyte 16 alionse. Kompyuta imasunga mndandanda wa ma 0 ndi ma 1: 1 ndi khadi lotengedwa, 0 ndi lopanda mwini. Fayilo yatsopano ikabwera, kompyuta imafufuza 0 n'kumusandutsa 1. Fayilo ikafufutidwa, 1 uja amabwereranso pa 0.

Vuto limadza timafayilo ting'onoting'ono tikachuluka. Makhadi amatha malo akadalipo, ndipo kompyuta ya kuchipatala imakana kulemba mwana wodwala. Pa foni izi sizichitikachitika.

Alangizi a zaumoyo ndi odzipereka, mukaona uthenga woti malo atha, musathamangire kufufuta mafayilo osawadziwa, chifukwa mungataye mbiri ya odwala. Lembani kaye mwanayo m'kaundula wa pepala kuti alandire chithandizo, kenako itanani katswiri wa makompyuta. Iye akalemba df -i adzaona makhadi otsala.