TIYI WA TIMIBULU TA CHINANGWA: KUKOMA KWAKE NDI KUOPSA KWAKE

Pachilumba cha Taiwan, kum'mawa kwa dziko la China, dzuwa likapendeka ana a sukulu ndi antchito a m'maofesi amandandalika pa timanyumba togulitsiramo tiyi tomwe tili m'mbali mwa misewu. Tiyi amene amagulayo si wotentha monga wa kuno. Ndi wozizira, wothira mkaka ndi madzi oundana, ndipo pansi pa kapu pamakhala timibulu takuda tofewa, tokula ngati nandolo. Munthu amamwa ndi kapaipi kotakata kuti timibuluto tikwere, ndiye amamwa uku akutafuna, kwinaku akucheza ndi anzake. Eni ake amatcha chakumwachi tiyi wamkaka wa ngale, pamene m'Chingerezi amati bubble tea, kaamba ka thovu limene limabwera tiyiyo akakhutchumulidwa.

Kumene tiyiyu anachokera

Chakumwachi chinayamba m'zaka za m'ma 1980. Nyumba ziwiri za tiyi, ya Chun Shui Tang mumzinda wa Taichung ndi ya Hanlin mumzinda wa Tainan, zinalimbirana kwa zaka zambiri, iliyonse ikunena kuti ndiyo inayamba kuthira timibulu m'tiyi. Nkhaniyi inafika kubwalo la milandu ndipo inatha m'chaka cha 2019, pamene oweruza ananena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wopanga tiyiyu. Lero akugulitsidwa m'mizinda ikuluikulu ya kutali monga London ndi Johannesburg.

Mlimi wa ku Nkhata Bay kapena ku Nkhotakota angadabwe kumva kuti timibuluti timapangidwa kuchokera ku chinangwa. Chinangwa chikasinjidwa ndi kutsukidwa, pansi pa madzi pamadikha ufa woyera wosalala wotchedwa tapioca. Ufawu amaukanda, naumba timibulu, kenaka amatiphika m'madzi owira ndi kutinyika m'madzi a shuga wofiira. Tikakhala maola angapo timalimba, choncho ogulitsa amaphika tatsopano tsiku lililonse.

Shuga wobisika

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Timibulu ta chinangwa timapatsa mphamvu chabe; mulibe zomanga thupi kapena zoteteza ku matenda zokwanira kuziwerengera. Tsono shuga amalowa m'kapumo kawiri, wina ndi timibulu, wina ndi tiyi, ndipo popeza chakumwacho ndi chozizira, lilime silizindikira msanga kuti shuga wachuluka.

M'chaka cha 2015 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya patsiku. Kwa munthu wamkulu muyesowu ndi pafupifupi magalamu 50, kapena kuti masipuni ang'onoang'ono 12, ndipo kutsika mpaka masipuni 6 nkwabwino koposa. Kapu imodzi yaikulu ya tiyi wa timibulu, yothira shuga wokwanira, ingathe kufika pa muyeso wa tsiku lonsewo. Munthu wozolowera kumwa zotsekemera tsiku ndi tsiku mano ake amabooka, thupi limanenepa mopitirira, ndipo chiopsezo chodwala nthenda ya shuga chimakula.

Ku Taiwan wogula amafunsidwa kuchuluka kwa shuga amene akufuna: wokwanira, theka, wochepa kapena wopanda konse. Dziko la Singapore linapita patsogolo. Kuyambira mwezi wa December 2023, malo akuluakulu ogulitsa zakumwa zokonzedwa pomwepo amalamulidwa kuonetsa chizindikiro pa zakumwa zochuluka shuga. Zizindikirozi zimayambira pa A kulekezera pa D, ndipo chakumwa cha D sichiloledwa kutsatsidwa malonda.

Ngozi kwa ana aang'ono

Chinthu china choopsa ndi kutsamwa. M'chaka cha 2012 akatswiri a boma la Germany anachenjeza kuti ana ofika zaka zinayi kutsika m'munsi angathe kutsamwa ndi timibuluti. Mwana akayamwa mwamphamvu pa kapaipi, kambulu kamathamanga nkulowera kunjira ya mpweya m'malo mwa njira ya chakudya. Ngozi yomweyi imachitika m'midzi ndi mtedza wathunthu, chimanga chokazinga ndi maswiti. Mwana amene watsamwa koma akutsokomola mwamphamvu alekedwe atsokomole. Akalephera kulira kapena kupuma, amweramitse mutu uli pansi ndi kumumenya ndi chikhatho pakati pa mapewa kasanu, ndipo wina athamangire thandizo kuchipatala. Kupisa chala m'kamwa mwa mwana chinthucho chisakuoneka kumangochikankhira m'kati.

Ukhondo wa madzi

Tiyi wowira ndi wotetezeka chifukwa moto umapha tizilombo, koma kuzizira sikupha tizilombo ayi. Madzi oundana opangidwa ndi madzi auve angathe kufalitsa matenda otsekula m'mimba, monga kolera imene inavuta kwambiri m'Malawi m'zaka za 2022 ndi 2023. Wogula chakumwa chozizira ayenera kuyang'ana ngati wogulitsa amasamba m'manja, ngati mkaka umasungidwa pozizira, ndiponso ngati ziwiya ndi zovundikira kuti ntchentche zisaterepo.

Phunziro la pakhomo

Anthu ambiri a m'midzi mwina sadzalawako tiyi wa ku Taiwan, koma tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje amamwa m'mawa uliwonse. Munthu wothira masipuni anayi m'kapu, akamwa makapu atatu, wamaliza kale muyeso wa tsiku lonse. Nkwabwino kuchepetsa sipuni imodzi sabata iliyonse mpaka lilime litazolowera. Amayi oyembekezera asamwe tiyi pamodzi ndi chakudya, pakuti tiyi amalepheretsa thupi kutenga bwino mchere wa ayironi umene umathandiza kupanga magazi. Ndipo amene wapita ulendo nakapeza tiyi wa timibulu angathe kulawa ndithu, koma asankhe kapu yaing'ono, apemphe theka la shuga, ndipo mwana wamng'ono asampatseko.