Masitepe 18 a ku labu: mmene ndinayambiranso kuyenda nditadwala Lyme

Labu ya pasukulu pathu ili m'chipinda cham'mwamba, ndipo kuti ufikeko uyenera kukwera masitepe 18. Kwa zaka zambiri sindinkawawerenga n'komwe. Ndinkangokwera, mabuku ali m'manja, nthawi zina ndikukalipira ana a Fomu 2 otsalira m'mbuyo. Koma Lolemba lina m'mwezi wa Novembala ndinaima pa sitepe ya 11, nditagwira chitsulo cham'mbali, miyendo ikunjenjemera. Mtsikana wina wa Fomu 4 anandilandira mabuku n'kufunsa chapansipansi: "Madamu, kodi simunachirebe?"

Ndinasowa chomuyankha. Mankhwala ndinali nditamaliza, kutentha thupi kunali kutatha, koma mphamvu ndiye kunalibe. Mayeso a MSCE anali akubwera, ndipo kalasi lake linkadalira ine pa Fizikisi. Usiku umenewo ndinayamba kuganiza zokapempha a hedi kuti kalasilo alipereke kwa mphunzitsi wina.

Kanthu kakang'ono ngati njere ya mpiru

Patchuthi cha Ogasiti ndinali m'gulu la aphunzitsi amene tinapita ku Scotland kukacheza ndi sukulu imene timagwirizana nayo. Tsiku lina anzathu a kumeneko anatitengera kumapiri kufupi ndi Inverness. Tinayenda m'udzu wautali, tinakhala pansi n'kudya nkhomaliro. Sindinamve chilichonse chikundiluma.

Patatha milungu iwiri ndili kwathu, ndinayamba kumva mutu, kuphwanya thupi ndi kutentha. Aliyense anati ndi malungo, nanga n'chiyaninso? Koma atandiyeza, malungo sanapezeke. Kuseri kwa bondo kunali kachigamba kakuda kozungulira, kamene ndinkakayesa chipere. Kanali kosayabwa kwenikweni, koma kankakula tsiku ndi tsiku mpaka kanaposa chikhatho changa. Dokotala amene anandiona ulendo wachitatu ndiye anafunsa funso limene linathandiza: "Mayi, mwayendako kunja posachedwapa? Munalowa m'tchire?"

Nthenda ya Lyme imayamba ndi bakiteriya wa gulu la Borrelia, amene amafalitsidwa ndi nkhupakupa za mtundu wa Ixodes. Imapezeka kwambiri ku North America, ku Ulaya ndi mbali zina za Asia, n'chifukwa chake kuno ambiri sitinaimvepo. Nkhupakupa imatenga bakiteriyayu poyamwa magazi a tinyama monga mbewa zam'tchire ndi mbalame, kenaka n'kukamusiya mwa munthu. Imene imaluma anthu kawirikawiri ndi yosakhwima, yaing'ono ngati njere ya mpiru, yosiyana kutali ndi zonenepa zija timaziona pa agalu ndi ng'ombe. Nthawi zambiri imayenera kukakamira pakhungu kwa maola oposa 24 kuti ipatsire nthendayi. Munthu wodwala Lyme sangapatsire mnzake pomukhudza kapena kudyera naye mbale imodzi.

Dzinali linachokera ku tauni ya Lyme, m'chigawo cha Connecticut ku America. Mu 1975 makolo a m'deralo, mmodzi mwa iwo Polly Murray, anadandaula kuti ana ambiri akutupa mawondo modabwitsa. Dokotala Allen Steere wa ku yunivesite ya Yale anafufuza nkhaniyi, ndipo mu 1982 wasayansi Willy Burgdorfer ndi anzake anafalitsa zoti apeza bakiteriya woyambitsa nthendayi m'nkhupakupa. Anamutcha Borrelia burgdorferi pomulemekeza. Bakiteriyayu ndi wopiringizika, ndipo amayenda mozungulira ngati sikuluu ikamalowa m'thabwa. Kayendedwe kameneka kamamuthandiza kudutsa m'minofu n'kufika m'mawondo, m'mitsempha ya ubongo, ngakhale mumtima.

Chigamba chija chimaoneka pakati pa masiku 3 ndi 30 munthu atalumidwa, ndipo chimatuluka pa odwala 7 kapena 8 mwa 10 alionse. Zithunzi zambiri za pa intaneti zimachionetsa chofiira pakhungu la mzungu. Pakhungu lathu chimatha kuoneka chodera ngati pamene wamenyedwa, motero n'chosavuta kuchiphonya. Mukakhala ndi m'bale wanu amene akuphunzira kapena kugwira ntchito kumaiko amenewo, mum'uzeko zimenezi.

Anandipatsa mankhwala a doxycycline, kumwa kawiri pa tsiku kwa masiku 21. Mankhwalawa amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa, ndiye ganizirani dzuwa la Okutobala. Anthu ambiri akamwa mankhwala pa nthawi yake amachira kotheratu. Koma ochepa amatsalabe ndi kutopa, kuphwanya kwa thupi ndi kuiwalaiwala kwa miyezi ingapo. Ine ndinali mmodzi wa ochepawo. Ndinapempha kuti andionjezere mankhwala, koma dokotala anakana. Anandifotokozera kuti kafukufuku anasonyeza kuti kumwa mankhwala opha bakiteriya kwa miyezi yambiri sikuthandiza anthu oterewa, m'malo mwake kumatha kubweretsa mavuto ena. Anandiyeza mtima ndi makina a ECG, chifukwa Lyme imatha kusokoneza timagetsi toyendetsa kagundidwe ka mtima. Atapeza kuti uli bwino anati, "Yambani kuyenda, koma pang'onopang'ono."

Ntchito ndi yomweyo, power ndiye yasintha

Mphunzitsi wa Fizikisi akasokonezeka amatenga choko. Ndinayeza masitepe aja: iliyonse ndi yaitali masentimita 17, onse pamodzi ndi pafupifupi mamita 3. Ine ndimalemera makilogalamu 60. Mukukumbukira kuti ntchito yokweza chinthu m'mwamba timaipeza ndi m × g × h. Tikatenga g kukhala 10 N/kg, tipeza 60 × 10 × 3, omwe ndi majoule 1,800.

Ndisanadwale ndinkakwera masitepewo m'masekondi 6. Power ndi ntchito kugawa ndi nthawi, ndiye 1,800 kugawa ndi 6 ndi mawati 300. Mu Novembala ndinkatenga masekondi 30, popumira panjira. Amenewo ndi mawati 60, ofanana ndi babu lakale lija lamagetsi. Ndinaseka ndekha m'labu. Koma masamuwo anandionetsa chinthu chimene mantha anandibisira: majoule 1,800 aja ndinkawakwanitsabe. Pamwamba ndinkafika ndithu. Chimene chinachepa ndi liwiro limene thupi langa linkatulutsira mphamvu, ndipo limenelo lingathe kuyezedwa mlungu ndi mlungu.

Pali chinanso. Minofu yathu imasandutsa pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo anayi kapena asanu a mphamvu ya chakudya kukhala ntchito yooneka. Yotsalayo imasanduka kutentha. Choncho kuti ndikwere masitepe aja thupi limawononga majoule pakati pa 7,200 ndi 9,000. N'chifukwa chake umatuluka thukuta, ndipo n'chifukwa chake wodwala amene sakudya mokwanira amalephera ngakhale kantchito kooneka kochepa.

Mwina mufunsa kuti, nanga bwanji osangogona mpaka mphamvu zibwerere? Kupuma n'kofunika, makamaka pamene thupi likutentha. Koma kugona nthawi yaitali nakonso kumafooketsa. Mu 1966 ofufuza a ku Dallas, ku America, anagoneka pabedi anyamata athanzi asanu a zaka 20 kwa milungu itatu. Atadzuka, kuchuluka kwa okosijeni amene matupi awo ankatha kugwiritsa ntchito pochita masewera olimbitsa thupi kunatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Atachita masewera kwa milungu 8 anabwerera mwakale. Patapita zaka 30 anawayezanso, ndipo anapeza kuti milungu itatu ya pabedi ija inawafooketsa kuposa zaka 30 za kukula. Ine ndinali nditakhala miyezi iwiri ndikungochoka pabedi n'kukhala pampando. Mbali ina ya kufooka kwanga inali nthenda, ina inali kukhala chabe.

Tsiku limene ndinadutsa malire

Nditamvetsa zimenezi ndinachita zopusa. Loweruka lina ndinadzuka ndikumva bwino, ndipo ndinati lero ndiye lero. Ndinayenda mpaka kumsika, n'kubwerako nditasenza dengu la mbatata. Tsiku limenelo sindinamve kanthu. Mmawa wake ndinalephera kudzuka, ndipo ndinagona masiku atatu. Mayi anga, amene anabwera kudzandisamalira, anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanawe, kuthamanga si kufika."

A Fomu 3 mukudziwa lamulo la Hooke: sipuling'i imatalika molingana ndi katundu amene mwaikolowekapo, bola musadutse malire ake. Mukadutsa, siibwereranso pamene inali. Thupi si sipuling'i, chifukwa lokha limatha kudzikonza. Koma malire lili nawo, ndipo ukamachira malirewo amakhala pafupi kwambiri kuposa mmene ukuganizira. Choipa chake n'chakuti sulidziwa pomwepo kuti wadutsa. Umadziwa mawa kapena mkuja.

Mu Januwale ndinayambanso, ulendo uno ndi kope. Ndinayamba ndi mphindi 5 zokha, kuyenda pamalo athyathyathya kuzungulira bwalo la mpira, masiku asanu pa mlungu. Ndinadziikira malamulo atatu. Loyamba, ndiziyenda pa liwiro loti nditha kulankhula chiganizo chonse osabanika. Lachiwiri, ndizionjezera 10 peresenti yokha pa mlungu. Lachitatu, ndikadzuka wotopa kuposa dzulo, ndibwerere pa mphindi za mlungu wapita, osakakamiza. Malamulowa ndinawaonetsa dokotala ndipo anavomera. Ndi anga, si mankhwala a aliyense. Anandichenjeza kuti ndikamva kupweteka pachifuwa, chizungulire, mtima ukugunda mosalongosoka, kapena bondo litatupa, ndisiye pomwepo n'kupita kuchipatala.

Mmawa uliwonse ndisanadzuke ndinkagwira pamkono, kuwerenga kugunda kwa mtima kwa masekondi 15, n'kuchulukitsa ndi 4. Kwa munthu wamkulu amene akupuma, nambalayi imakhala pakati pa 60 ndi 100. Yanga ikakwera kwambiri kuposa masiku onse, ndinkadziwa kuti tsikulo ndi lopuma.

Mphindi 5 kuonjezera 10 peresenti ndi mphindi 5 ndi theka. Zomvetsa manyazi, eti? Koma tengani kakyuleta. Mukachulukitsa 5 ndi 1.1 maulendo 8 mupeza pafupifupi 11. Maulendo 16 mupeza 23. Maulendo 19 mudutsa 30. Ndipo mphindi 30 kwa masiku asanu ndi mphindi 150, zimene bungwe la WHO limalimbikitsa akuluakulu kuchita pa mlungu. Papepala zinkafunika milungu 19. Ine zinanditengera 24, chifukwa kasanu konse ndinabwerera m'mbuyo.

Kadontho kamodzi si galafu

Chovuta kwambiri sichinali miyendo. Unali mtima wofuna kutaya. Kunja ndinkaoneka bwinobwino, ndiye ena ankati ndi ulesi, ena ankanong'ona kuti mwina alipo amene sanakondwe ndi ulendo wanga wa kunja. Tsiku loipa likafika ndinkaganiza kuti zonse zapita m'madzi.

Chimene chinandithandiza ndi chinthu chimene ndimakuuzani nthawi zonse pa pulakitiko. Mukayeza zinthu n'kuika timadontho pa galafu, sitikhala pamzere umodzi ndendende. Tina timakwera, tina timatsika. Simulumikiza kadontho ndi kadontho. Mumajambula mzere umodzi wodutsa pakati pa tonse. Ndinamata galafu pakhoma la kuchipinda: pansi milungu, m'mbali masekondi okwerera masitepe a ku labu. Lachiwiri lina ndinatenga masekondi 27, Lachiwiri lotsatira 29. Ndikanayang'ana awiriwo okha ndikanalira. Koma timadontho titakwana 10, mzere unaoneka kuti ukutsika. Chiyembekezo changa sichinalinso chongodzilimbitsa mtima. Chinali pakhoma, cholembedwa ndi pensulo.

Anthu nawonso anathandiza. A hedi anasamutsira maphunziro anga ena m'chipinda chapansi, n'kundilola kuphunzitsa nditakhala. Mtsikana wa Fomu 4 uja ndi anzake awiri anayamba kumandiperekeza pabwalo la mpira tikaweruka, akundifunsa mafunso a magetsi ndi maginito tikuyenda. Masiku amene maganizo ankandilemera ndinkauza mayi anga ndi mnzanga wina wa kutchalitchi. Ngati chisoni chikukulepheretsa kudya kapena kugona kwa milungu, chimenecho nachonso n'chofunika kuuza achipatala, osachibisa.

Ambiri a inu simudzakumana ndi Lyme. Koma mwina inu kapena wina kwanu akuchira TB, taifodi, malungo aakulu kapena opaleshoni, ndipo akudabwa kuti mphamvu sizikubwera. Afunse kaye achipatala ngati angayambe kuyenda. Akaloledwa, ayambe ndi zochepa, alembe, ndipo aweruze ndi mwezi osati tsiku. Ndipo nkhupakupa iliyonse ikakulumani, kuno kapena kunja, igwireni ndi kopanira pafupi penipeni ndi khungu n'kuikoka molunjika pang'onopang'ono. Osaiwotcha, osaithira parafini. Tsukani pamalopo ndi sopo, ndipo mukayamba kutentha thupi kauzeni achipatala kuti munalumidwa.

Kalasi lija sindinalipereke. Linalemba mayeso ndili nalo. Masitepe 18 aja pano ndimakwera m'masekondi 9, omwe ndi mawati 200. Pa 300 sindinafikebe, ndipo masiku otopa amabwerabe mwa apo ndi apo.

Ntchito ya mlungu uno nayi. Pezani masitepe kapena kachitunda kamene mungayeze kutalika kwake. Dziyezeni kulemera, mnzanu agwire wotchi, mukwere pa liwiro lanu la masiku onse. Werengetsani majoule ndi mawati anu, mubwere nawo Lolemba. Amene apose mawati 200 asandiseke, ndikubwera m'mbuyomo.