Phungu wa Zisumbu za Kuzambwe kwa Scotland

Kuzambwe kwa dziko la Scotland, tsidya lija la nyanja yaukali yotchedwa Minch, kuli mndandanda wa zisumbu wotalika pafupifupi mailosi 130, kuyambira ku Lewis kumpoto kufikira ku Barra kumwera. Chiyambire chaka cha 1918 zisumbu zonsezi ndi dera limodzi lotumiza phungu mmodzi ku Nyumba ya Malamulo ku London. Kale linkatchedwa Western Isles, koma kuyambira 2005 dzina lake ndi Na h-Eileanan an Iar, m'chinenero cha Gaelic chimene eni dera ambiri akali kulankhula.

Chimene chatichititsa chidwi ife ndicho kuchepa kwa anthu ake. Madera ena a ku Britain ali ndi oponya voti pafupifupi 73,000 lililonse. Kuno alipo ngati 21,000 okha, ochepetsetsa m'dziko lonselo. Komabe lamulo la mu 2011 linaletsa kuphatikiza derali ndi lina la kumtunda, ndipo ife tikuona kuti pamenepa anachita mwanzeru. Kodi phungu wa kumtunda angaidziwe bwanji nkhawa ya msodzi, kapena ya mmisiri woomba nsalu ya Harris Tweed pakhomo pake, tsiku limene namondwe watsekereza sitima yapamadzi, katundu nangounjikana padoko la Stornoway?

Anthu a kumeneko sasintha phungu mwachisawawa. Malcolm Macmillan wa chipani cha Labour anawaimira zaka 35, kuyambira 1935 mpaka 1970. Amene anamgonjetsa ndi Donald Stewart, mkulu wa tauni ya Stornoway, woyamba wa chipani cha SNP, chofuna kuti Scotland adzilamulire yekha, kupambana pa chisankho cha dziko lonse. Pambuyo pake panadza Calum MacDonald mu 1987, Angus MacNeil wa ku Barra mu 2005, ndi mtolankhani wa ku Lewis, Torcuil Crichton, mu 2024. Mpando wakhala ukungosinthana pakati pa zipani ziwirizi.

Tsono ntchito ya phunguyo si yapafupi ai. Kumpoto, ku Lewis ndi Harris, ndi kwa Apresibeteriya osunga Sabata kolimba, kotero kuti sitima itayamba kunyamuka ku Stornoway pa Sabata mu 2009 panabuka mkangano waukulu: ena anati tsiku lopatulika ladetsedwa, ena nati wodwala ndi wapaulendo nawonso ayenera kuoloka. Kumwera, ku South Uist ndi Barra, ambiri ndi Akatolika, ndipo nkhani yotereyi siiwavuta. Onsewa amaponya voti posankha munthu mmodzi yemweyo.