Chithunzi cha mwana womaliza sukulu chisadye ndalama ya matirikula

ULONGUÈ — Mwezi wa Novembala ukafika, makolo a m'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga sakhala pansi. Mvula yoyamba ikagwa chimanga chimafunika kudzala msanga, feteleza amafuna ndalama, ndipo nthawi yomweyo ana amakhala ali pa mayeso otsiriza chaka. Kholo limachoka kumunda matope ali kumiyendo kupita kumsonkhano wa kusukulu, kenako kwa telala kukaona ngati malaya a mwana asokedwa.

Chomwe chawonjezera ntchito masiku ano ndi mwambo wotsazika ana omaliza maphunziro. Ngakhale ana a sukulu za mkaka amavekedwa mikanjo ndi zipewa, ndipo banja lililonse limafuna chithunzi cha tsikulo.

Akuluakulu akukumbukira kuti kale sizinali chomwechi. Nkhondo itatha ndi pangano la mtendere la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, mabanja ambiri adabwerera kuchokera ku Dedza ndi Ntcheu alibe chithunzi ngakhale chimodzi cha ana awo. Wojambula ankayenda pa njinga mudzi ndi mudzi, nkudikira kuti filimu idzaze asanakaitsukitse kutauni. Munthu ankadikira masabata angapo, mwina nkulandira chithunzi chakuda chosaoneka nkhope.

Lero foni ya m'manja yafewetsa ntchitoyi, koma zithunzi zabwino sizingobwera zokha. Tchajani foni dzulo lake, chifukwa mwambo umatenga nthawi ndipo batire imatha mwana asanaitanidwe. Pojambula, dzuwa likhale kumbuyo kwa inu wojambula, kapena muimike mwana pamthunzi wa mtengo. Yandikirani kuti nkhope ioneke, ndipo ngati mwana ndi wamng'ono gwadani kuti mufanane naye msinkhu. Musaiwale agogo ndi aphunzitsi ake. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, choncho sankhani zithunzi ziwiri kapena zitatu mukazisindikize papepala, kumbuyo mulembe dzina la mwana, sukulu ndi chaka.

Komabe chisangalalo chisaiwalitse ulendo womwe watsala. Malinga ndi lamulo la maphunziro la chaka cha 2018, pulayimale imathera kalasi 6, koma mwana aliyense ayenera kuphunzira mpaka kalasi 9. Kuyambira 2023 kalasi 7 ili m'gawo la sekondale, ndipo kwa ana ambiri a kumudzi zimenezi zikutanthauza sukulu yakutali, njinga kapena malo ogona kwa achibale. Pamafunikanso yunifolomu, makope ndi zolembera. Banja lomwe lathera ndalama zonse za mbatata ya kachewere pa mpunga, nkhuku ndi mkanjo wobwereka limafika mwezi wa Januwale m'thumba muli mbee.

Choncho tsiku lomwelo la mwambo, pemphani wojambula atole mwana tizithunzi tating'ono ta pa zikalata, tomwe timafunika polembetsa sukulu ndi popanga chitupa. Onaninso ngati dzina lomwe lili pa sedula likufanana ndi lomwe lalembedwa pa satifiketi. Kalembera wa chilembo chimodzi cholakwika amakonzedwa mosavuta aphunzitsi asanapite kutchuthi, koma akachedwa amadya maulendo ambiri.

Nkhawa ina yaikulu ndi ya atsikana. Tchuthi cha Disembala nchachitali, ndipo m'midzi ina mtsikana akajambulidwa atavala mkanjo anthu amati wamaliza, tsopano akwatiwe. Lamulo la chaka cha 2019 limaletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, ndipo kholo kapena mfumu yololeza ukwati wotere imayankha mlandu kukhoti.

Makalata a mwana muwasunge m'pepala la pulasitiki, kutali ndi chiswe ndi denga lodontha, ndipo musanachoke pabwalo la sukulu funsani aphunzitsi aakulu tsiku lomwe matirikula ayambe.