Ukalamba Si Chifukwa Chomanira Mayi Mankhwala a Khansa

Mwa nthenda zogwira amayi amene anasiya kusamba ilipo ina yobisala kwambiri, ndiyo khansa ya m'matumba a mazira, matumba awiri aja okhala m'mbali mwa chiberekero. Ku America theka la amayi opezeka nayo ndi a zaka 63 kapena kuposerapo. Chotero mabanja ndi madokotala amakumana ndi funso ili kawirikawiri: kodi mayi wokalamba angapirire mankhwala ake?

Chifukwa Chake Ipezeka Mochedwa

Zizindikiro zake n'zonyenga: mimba kufufuma, kukhuta munthu atangodya pang'ono, kupweteka m'munsi mwa mimba, ndi kukodza pafupipafupi. Ambiri amayesa mpweya chabe, kapena amangoti ndi ukalamba, ndipo pofika kuchipatala nthendayo imakhala itafalikira m'mimba. Awerengi adziwenso kuti kuyeza khomo la chiberekero ndi viniga, kumene kumachitika m'zipatala zathu, sikuona nthenda iyi. Ngakhale ku Britain, kumene anatsatira amayi oposa 200,000, zinadziwika mu 2021 kuti kuyeza magazi kapena kuunika m'mimba chaka ndi chaka sikunachepetse imfa. Tsono chotsalira ndicho kusamala zizindikiro ndi kufulumira.

Machiritsidwe Ake

Njira zazikulu ndi ziwiri. Yoyamba ndi opaleshoni yochotsa matumba onse awiri, chiberekero, ndi zotupa zonse zooneka. Yachiwiri ndi mankhwala a m'diripi, carboplatin ndi paclitaxel, operekedwa pamodzi masabata atatu alionse kufikira maulendo 6. Mankhwalawa ndi aukali, pakuti amathothola tsitsi, amachepetsa magazi, ndi kuchititsa dzanzi m'manja ndi m'mapazi. Poopa zimenezi, madokotala ambiri ankapatsa okalamba carboplatin yekha, poganiza kuti akuwachitira chifundo.

Maganizo amenewa anayesedwa. Madokotala otsogoleredwa ndi a ku France anafufuza amayi 120 a zaka 70 kapena kuposerapo, onse ofooka m'thupi. Zotsatira zake, zofalitsidwa mu 2021, zinaonetsa kuti olandira carboplatin yekha anamwalira msanga kuposa olandira mankhwala onse awiri, kotero kuti kafukufukuyo anaimitsidwa asanathe. Chimene chinkaoneka chifundo chinali kufupikitsa moyo.

Nanga mayi amene sangapirire opaleshoni yaikulu? Pamenepanso njira ilipo. Kafukufuku wa mu 2010 ku Ulaya ndi wa mu 2015 ku Britain anaonetsa kuti dokotala angathe kuyamba ndi diripi maulendo atatu kuti zotupa zinyale, kenaka kuchita opaleshoni, n'kutsiriza ndi maulendo otsalawo. Odwala oterewa anakhala ndi moyo nthawi yofanana ndi oyamba ndi mpeni, koma zovuta za opaleshoni zinachepa.

Mphamvu, Osati Zaka

Dokotala wodziwa ntchito safunsa zaka zokha. Amaona ngati mayiyo akuyenda yekha, akudzisamalira yekha, akudya bwino, akukumbukira zinthu, ndiponso ngati ali ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Amayezanso impso, popeza muyeso wa carboplatin umawerengedwa molingana ndi ntchito yake ya impsozo. Agogo a zaka 75 amene akupalirabe munda wao angakhale olimba kuposa mayi wa zaka 60 wogonera pamphasa.

Tisabise, nthendayi ikapezeka mochedwa kawirikawiri imabwereranso. Komabe mankhwala amawonjezera miyezi ndi zaka, ndipo pamene kuchira kwalephereka ululu ungachepetsedwe ndi morphine, madzi otupitsa mimba nakhetsedwa. Ntchito yotere imachitika ku Tiyanjane, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Boma nalonso linamanga chipatala cha khansa pa Kamuzu Central ku Lilongwe.

Udindo wa Ophunzira

Aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'Boma, inu ndinu amene achibale amafunsa mayi akadwala kumudzi. Mimba ikafufuma masabata angapo osaphwa, musadikire ndipo musanene kuti "akula, tisawavutitse". Atengereni kuchipatala cha boma lanu, ndipo pemphani kuti aunikidwe m'mimba ndi kutumizidwa ku chipatala chachikulu ngati kuli kofunika. Mwini wake wa thupi auzidwe zoona, asankhe yekha. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mtundu suyenera kuwataya msanga chifukwa cha kuwerenga zaka.