Wogula nyama asakhalenso wowerenga ndalama

Anthu ambiri ku Mauwa, m'boma la Chiradzulu, amaidziwa Nyumba ya Malamulo kudzera pa wailesi: Sipikala akupempha bata, aphungu akukuwizana, wina akudandaula za mlatho wa kwawo umene unakokoloka dzinja latha. Ukamvera zimenezi masana onse, umayesa kuti ntchito ya phungu ndi yomweyi. Koma aphungu 229, omwe tili nawo chichokereni chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 (m'mbuyomu ankakhala 193), sangawerenge onse pamodzi lipoti lalitali la ndalama za boma, kapena kumukhazika pansi mlembi wamkulu wa unduna n'kumufunsa mpaka atatuluka thukuta. Ntchito yotere imachitikira m'makomiti, m'zipinda zing'onozing'ono ku Lilongwe, kawirikawiri Nyumba yonse itapumula.

Amene anakhalapo m'komiti ya ukwati theka la nkhaniyi akulidziwa kale. Tsiku likamayandikira, akuchimuna ndi akuchikazi amakumana. Poti khamu lonse silingakwere minibasi kukagula katundu ku Limbe, amagawana ntchito: awa zakudya, awa mayendedwe, awa zokongoletsa malo, awa chuma. M'kagulu kalikonse mumalowa anthu a mbali zonse ziwiri, kuopa kuti wina angadzanene kuti ife sitinaoneko. Pa perekaniperekani, patebulo lowerengera ndalama pamakhala wa kuchimuna ndi wa kuchikazi, maso onse ali pa mbale. Ndipo banja lochenjera silimulola amene anatenga ndalama ya nyama kuti akhalenso iye wotsimikiza kuti kaundula ali bwino, ngakhale akhale mkulu wa mpingo.

Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 anayenda njira yomweyo. Gawo 56 limapatsa Nyumba ufulu wokhazikitsa makomiti momwe ingafunire, koma limatchula atatu amene ayenera kukhalapo zivute zitani: yoona za anthu osankhidwa m'maudindo aboma, yoona za bajeti, ndi yoona za malamulo. Limanenanso kuti makomiti atatuwa akhazikitsidwe pasanathe masiku 30 Nyumba itayamba kukumana pambuyo pa chisankho, ndipo zipani zonse zilowemo molingana ndi kuchuluka kwa aphungu awo. Gawo 162 limawonjezera komiti ya zachitetezo. Makomiti ena, monga ya zaumoyo, zaulimi, zamaphunziro ndi ena otero, amachokera m'malamulo oyendetsera zokambirana amene Nyumbayo inadzilembera yokha, ndipo iliyonse imalondola unduna kapena maunduna ake. Mano awo ali m'gawo 60, limene limalola komiti kufufuza nkhani ndi kuitanitsa munthu aliyense kuti adzayankhe mafunso.

Pa ukwati pamakhala kagulu kakang'ono ka ankhoswe ndi akuluakulu kamene kamayala dongosolo ena onse asanayambe kuthamanga. Ku Nyumba ya Malamulo kagulu kotere ndi komiti yokonza dongosolo la zokambirana. Wapampando wake ndi Sipikala, ndipo mumakhala achiwiri ake, mtsogoleri wa zokambirana ku mbali ya boma, mtsogoleri wa mbali yotsutsa, ndi osungitsa mwambo m'zipani, amene aphungu amangowatcha mawhip. Mayina a anthu olowa m'makomiti amadzera kwa mawhipwo. Apa ndi pamene pabisala mphamvu imene ovota saiona. Phungu akhoza kukhala kuti anaphunzira za kawerengedwe ka ndalama, koma ngati sakumvana ndi akuluakulu a chipani chake, adzapezeka ali m'komiti imene palibe mtolankhani amaiyendera. Nduna ndi achiwiri awo salowa m'makomiti olondola maunduna, pa chifukwa chodziwikiratu: iwowo ndiwo anatumidwa kumsika.

Anthu akakwanira, komiti imakumana n'kudzisankhira yokha wapampando ndi wachiwiri wake. Papepala ndi zophweka choncho. Koma tatengani masamu a 2019. Pa chisankho cha chaka chimenecho DPP inapeza mipando 62, MCP 55, oima paokha 55, UDF 10, PP 5, UTM 4 ndipo Aford umodzi. Mukagawa komiti ya anthu 20 motsata ziwerengerozi, DPP ipeza anthu asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi awiri, MCP pafupifupi asanu ndi mmodzi, oima paokha chimodzimodzi. Palibe chipani chimene chikanasankha wapampando chokha, ndipo phungu woima payekha, amene pa kampeni ankamunena kuti alibe kwawo, anasanduka munthu woimbiridwa foni usiku. Masamu omwewo ndi amene anachititsa kuti Catherine Gotani Hara wa MCP asankhidwe kukhala Sipikala mu Juni 2019, mayi woyamba pa mpandowo, pamene boma linali la DPP.

Mpando umene umatsata kwambiri nzeru ya patebulo la perekaniperekani ndi wa komiti yolondoloza momwe ndalama za boma zagwirira ntchito. Komitiyi imatenga malipoti a mkulu wofufuza mabuku a boma n'kuitana akuluakulu a maunduna, makhonsolo ndi makampani aboma kuti afotokoze kumene ndalama zinalowera. Mwambo wake, umene tinautengera ku Britain kumene komiti yotere inayamba mu 1861, ndi wakuti wapampando achokere ku mbali yotsutsa. Kuyambira 2014 mpaka 2019, DPP ikulamula, anali Alekeni Menyani wa MCP. Mu 2019 anabwera Ken Kandodo, wa MCP yemweyo, pamene komiti ya bajeti inali m'manja mwa Sosten Gwengwe ndipo ya malamulo inali ndi Kezzie Msukwa.

Kenako kunachitika zimene pa ukwati sizichitika: akuchimuna anasanduka akuchikazi mwambo uli mkati. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti linathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti, pa 23 Juni anthu anavotanso, ndipo Lazarus Chakwera anapambana. Aphungu anali omwewo a 2019, koma anasinthana mbali zokhala. Mu Julayi Kandodo anakhala nduna ya zantchito, Gwengwe ya zamalonda, Msukwa ya zamalo, ndiye mipando yawo m'makomiti inatsala yopanda munthu. Analowapo ndi a DPP: Shadric Namalomba ku komiti yolondoloza ndalama, Gladys Ganda ku ya bajeti, ndipo ya maudindo nayonso inapita kwa Joyce Chitsulo. Anthu amene dzulo ankateteza boma anayamba kufunsa malisiti, ofunsa malisiti aja n'kuyamba kupempha kuti tiwapatse nthawi. Ena anaseka kuti ndale ndi sewero. Kwa ine apa dongosolo linagwira ntchito yake, chifukwa silidalira kuti wofunsayo akhale woyera mtima. Limangofuna kuti akhale munthu amene sapindula kanthu akabisa cholakwa.

Komabe fanizo la ukwati lili ndi malire ake, ndipo komiti ya maudindo ndiyo imawaonetsa bwino. Pa ukwati mbali zonse zimafuna chinthu chimodzi, kuti ana alowe m'banja mwaulemu. M'komiti, mbali ina imapindula boma likachita manyazi, ndipo nthawi zina aphungu a mbali zonse amakhala ndi chowaopsa chimodzi. Komitiyi ndi imene imavomereza akazembe, mkulu woimira boma pa milandu ndi mkulu wa bungwe lothana ndi katangale la ACB. Mu Febuluwale 2020, wapampando ali Collins Kajawa, inafunsa makomishonala a bungwe loyendetsa zisankho la MEC mmodzimmodzi, kuphatikizapo wapampando wawo Jane Ansah, anthu akumvera pa wailesi ndi kuonera pa kanema, n'kupeza kuti sanagwire bwino ntchito. Ambiri anaombera m'manja. Mu Meyi 2021 komiti yomweyo inakana Martha Chizuma kukhala mkulu wa ACB, munthu amene anali atatchuka ndi ntchito yake ngati Ombudsman. Dziko linawira, ndipo pasanathe sabata komitiyo inabweza maganizo ake n'kumuvomereza. M'masiku ochepawo Chizuma sanapite kusukulu ina iliyonse. Chinasintha n'chakuti anthu anayamba kufunsa kuti ndani m'komitimo anamupatsa malikisi angati, ndipo chifukwa chiyani.

Maiko ena anaona vuto la mawhip n'kulifunira mankhwala. Ku Britain, kuyambira 2010, zipani zimagawana kaye mipando ya makomiti molingana ndi kukula kwake, kenako Nyumba yonse imavota mwachinsinsi kusankha munthu wokhala pa mpando uliwonse, kotero kuti phungu wamakani amene akuluakulu a chipani chake samukonda akhoza kupambana ndi mavoti a mbali inayo. Ku America n'kwina: chipani chimene chili ndi aphungu ambiri chimatenga mipando yonse. Ife tili pakati, ndipo ndikuona kuti njira ya ku Britain ingatithandize, makamaka poti aphungu oima paokha ndi ochuluka kuno.

Wina ku Mauwa angafunse kuti zonsezi zikumukhudza bwanji iye amene akufuna mankhwala pa chipatala chaching'ono cha m'deralo. Bajeti ikaperekedwa, chaka cha boma chisanayambe pa 1 Epulo, Nyumba imaimitsa zokambirana ndipo makomiti amaphatikizana m'magulu n'kumaunika ndalama za unduna uliwonse mzere ndi mzere. Kuti ndalama ya mankhwala yachepa, kapena kuti ya maulendo a akuluakulu yanenepa, zimaonekera kumeneko, Nyumba yonse isanavote. M'Nyumba imene inasankhidwa mu 2019, wapampando wa komiti ya zaumoyo anali Matthews Ngwale, phungu wa kuzambwe kwa Chiradzulu, ndiye funso la mankhwala m'zipatala za dziko lonse linkadzera pa tebulo la munthu wa m'boma lomwe lino. Mpando wotere umakwezanso mwini wake: Sameer Suleman anadziwika kwambiri ali wapampando wa komiti ya zaulimi, akufunsa za chimanga ndi fetereza, ndipo mu 2025 anasankhidwa kukhala Sipikala.

Chofooka chachikulu n'chakuti makomiti ambiri amangolangiza. Komiti ya maudindo ikakana munthu, ndiye kuti wakanidwa. Koma yolondoloza ndalama ikapeza kuti mamiliyoni asowa, imalemba lipoti, Nyumba n'kulikambirana, ndipo kubweza ndalamazo kapena kumanga wakubayo kumatsalira unduna wa zachuma, apolisi, ACB ndi makhoti. Ndalama zoti komitiyo ikumanire, zolipirira aphungu malo ogona ndi mafuta opitira kukaona ntchito zimene akuti zinamangidwa, zimatuluka ku nthambi ya boma yosunga chuma, yomwe ili m'gulu la maofesi amene komitiyo imawafunsa mafunso.