Kabowo ka USB kakangoti zii, musathamangire kunena kuti kapsa

Kompyuta ya pa desiki ikayaka bwinobwino koma fulashi imene mwalowetsa osaoneka, kapena mausi n'kungokhala osasuntha, anthu ambiri amafulumira kugamula kuti china chake chapsa. Ena amainyamula kupita nayo kwa okonza, ena amayamba kufunsa mtengo wa motherboard yatsopano. Chigamulo chimenechi chimabwera msanga kwambiri. Kabowo ka USB ndi khomo chabe, ndipo kuseri kwake kuli nthambo, magetsi, motherboard ndi pulogalamu yoyendetsa zonsezi. Chimodzi mwa zimenezi chikalakwika, kabowoko kamangoti zii mofanana, ngakhale vutolo litakhala laling'ono. Choncho ntchito yeniyeni ndi kupeza pamene njira yadukira, ndipo munthu aliyense wodekha angathe kuigwira posintha chinthu chimodzi nthawi imodzi.

USB inayamba kugwira ntchito mu 1996, ndipo mtundu wa USB 2.0 umene unabwera mu 2000 udakalipo pa makompyuta ambiri. Mukadula chingwe chake mupezamo nthambo zinayi: yofiira ndi yakuda zimanyamula magetsi a mavolti 5, yoyera ndi yobiriwira zimanyamula uthenga. Apa pali phunziro lofunika. Foni ikamatchaja pa kabowo kena, zimangosonyeza kuti magetsi akufika, za uthenga simunadziwebe kanthu. Palinso zingwe zina zimene zinapangidwa kuti zizingotchaja, za uthenga mulibe, ndipo munthu angathe kuimba mlandu kompyuta tsiku lonse pomwe wolakwa ali m'manja mwake. N'chifukwa chake choyamba ndi kuyesa chipangizocho pa kompyuta ina, kenako kuyesa chipangizo china chodziwika kuti n'chabwino pa kabowo kokayikitsako. Mukatero zimitsani kompyuta, muunike m'kabowomo ndi tochi. Muonamo kalilime ka pulasitiki kokhala ndi tizitsulo tinayi tonyezimira. Kalilimeko kakathyoka, kapena tizitsuloto tikapindika n'kumakhudzana, vuto mwalipeza. Nthawi zina mumangodzaza fumbi, lomwe limachoka ndi kamtengo kotokosera m'mano. Singano kapena waya musalowetsemo.

Kompyuta ya pa desiki ili ndi mwayi umene laputopu ilibe, chifukwa mabowo ake ndi a magulu awiri. A kumbuyo anawotcheredwa pa motherboard penipeni, pomwe a kutsogolo amalumikizidwa ndi kachingwe kamene kamakalowa pa timano ta pa motherboard. Ngati a kumbuyo akugwira ntchito koma a kutsogolo ayi, motherboard ndi yamoyo, ndipo wokayikitsa ndi kachingweko, kamene kamatha kusolokako bokosi la kompyuta likamanyamulidwanyamulidwa. Zulani chingwe cha magetsi, tsegulani chivindikiro cha m'mbali, khudzani chitsulo cha bokosilo kuti magetsi a m'thupi mwanu achoke, kenako kanikizani kachingweko pamalo pake. Kabokosi kopereka magetsi ka m'kati mwa kompyuta musakatsegule, chifukwa kamasunga mphamvu yoopsa ngakhale chingwe chitazulidwa.

Mabowo onse akafa nthawi imodzi, makamaka magetsi atangothima n'kubwereranso, mtima umapita kutali, koma apa mpamene mankhwala ake amakhala osavuta. Kompyuta ya pa desiki sizima kwathunthu chingwe chikadali pakhoma: motherboard imalandirabe magetsi pang'ono, ndipo kachipangizo koyang'anira USB kakasokonezeka kamakhalabe kosokonezeka. Kuwonjezera apo, kuyambira pa Windows 8 ya mu 2012, njira yotchedwa Fast Startup imasunga mbali ina ya pulogalamu mukazimitsa, n'kuibwezera momwemo mukayatsa, pamodzi ndi vuto lomwe. Kusankha Restart kumayambitsa zonse mwatsopano. Zikakanika, zulani chingwe pakhoma, chotsani zonse zolumikizidwa pa USB, kanikizani batani loyatsira kwa masekondi 30, kenako mubwezere chimodzichimodzi. Motherboard zambiri zili ndi chitetezo chimene chimadula magetsi chipangizo chikakoka mopitirira muyeso. Kabowo ka USB 2.0 kanapangidwa kuti kazipereka ma milliamp 500, ka USB 3.0 ma milliamp 900, ndipo hard drive yakunja imatha kufuna ochuluka kuposa amene kabowo kakale kangapereke. Ikamangolira tiki tiki osaoneka pa sikirini, mwina njala ya magetsi ndiyo yaivuta.

Pali kayesedwe kamodzi kamene kamalekanitsa bwino vuto la zitsulo ndi la pulogalamu. Poyatsa kompyuta, kanikizani Del kapena F2, kapena batani lina limene kompyuta yanu imaonetsa, kuti mulowe mu BIOS. Ngati kiyibodi ya USB ikugwira ntchito mmenemo n'kudzasiya Windows ikayamba, palibe chapsa. Tsegulani Device Manager, muyang'ane pansi pa Universal Serial Bus controllers ngati pali kachizindikiro kachikasu. Chotsani chimene chili ndi kachizindikiroko n'kuyatsanso kompyuta, Windows imachibwezera yokha. Momwemonso muli kabokosi kololeza kompyuta kuzimitsa USB pofuna kusunga magetsi, kamene pa kompyuta ya pa desiki phindu lake n'lochepa. Amene adakali pa Windows 7 adziwe kuti mabowo abuluu a USB 3.0, omwe anabwera mu 2008, sagwira ntchito bwino mpaka mutaika driver yake, chifukwa Windows 7 sibwera nayo.

Wina anganene kuti zonsezi n'kutaya nthawi, kuli bwino kungofufuta Windows n'kuikamo yatsopano. Koma kutero sikungawongole kachitsulo kopindika kapena kubwezera kachingwe kosoloka, ndipo kumaika pachiswe zikalata ndi zithunzi zanu chifukwa cha vuto limene simunalidziwe. Winanso anganene kuti okonza alipo, ndiye kuvutikiranji. Okonza ngofunika ndithu, koma munthu amene wafika n'kunena kuti a kumbuyo akugwira, a kutsogolo ayi, ndipo mu BIOS kiyibodi ikuyenda, wafupikitsa ntchito, ndiponso n'kovuta kumugulitsa chinthu chosafunika. Chotsutsa cholimba n'chakuti nthawi zina mabowo amapsadi, kaya ndi mphezi, kaya ndi chipangizo chowonongeka chimene chinalowetsedwa. Zimenezo n'zoona. Komabe ngakhale zitatero, kompyuta ikamayaka n'kumagwira ntchito zina, motherboard yonse siyenera kutayidwa. Pali kakhadi kokhala ndi mabowo a USB kamene kamalowetsedwa pa PCIe, ndipo mtengo wake ndi wotsika poyerekeza ndi motherboard. Ngati kabowo kamodzi katsala kamoyo, hub yokhala ndi chingwe chakechake cha magetsi imakachulukitsa n'kukhala mabowo angapo, osalemetsa kompyutayo.